A Mulipa ndi Timakapitawo ta M'matumbo Mwawo

Mwezi uno patha chaka chimwalirireni a Mulipa, ndipo pa esiteti ya mphira pano anthu akawatchula amayamba ndi kuseka, kenako amangoti zii. Ine ndinagwira ntchito pansi pawo zaka khumi ndi zinayi, iwo ali kapitawo, ine wocheka mitengo ndi kutunga utomoni. Anandimenyapo kawiri. Munthu wanzeru akanawaiwala kalekale, koma ine ndimawasowa, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa.

Kwawo kunali ku Mulanje. Anabwera kuno ku Nkhata Bay akadali achinyamata, pa lole yodzaza anthu ofuna ntchito, ndipo anakwatira mkazi wa Chitonga wa kufupi ndi Bandawe, aNyaManda. Anali aafupi, otambalala mapewa, a mawu omveka tsidya la munda. Chodabwitsa n'chakuti dzanja lawo pa mtengo linali lofewa kuposa la wina aliyense. Mpeni wochekera mphira umafuna kungosenda khungwa pang'ono, ukauzamitsa wavulaza mtengo, ndipo iwo ankasenda ngati akumeta khanda. Koma iwe ukazamitsa, dzanja lomwelo linkakupeza pakhosi. Kumenyedwa kwanga koyamba kunali kwa chifukwa chimenecho, sabata yanga yachiwiri pa ntchito, ndipo milomo inatupa masiku atatu.

Vuto lawo linali m'mimba. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankayerekeza kulitchula. Sabata ina ankatsegula m'mimba kanayi dzuwa lisanakwere, sabata yotsatira ankadzimbidwa mpaka kuyenda ngati anyamula mwala. Akangodya, mimba inkafufuma, lamba n'kumasulidwa. Ululu ukawagwira ankatsamira mtengo, mano ali gwa, thukuta lili kamukamu. Tinaphunzira kuyang'ana lambayo m'mawa uliwonse monga asodzi amayang'anira mitambo. Akakhala womanga bwino, unkatha kupempha tchuthi. Akamalendewera, unkacheka mitengo yako mutu uli pansi osayang'ana kumbali.

Ku zipatala zazing'ono anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, a likodzo, a zilonda, mpaka ankawadziwa ndi mtundu wake. Magazi ankapezeka abwino, thupi silinkatsika, ndipo ankauzidwa kuti palibe chovuta. Ine ndi kupusa kwanga ndinawauza tsiku lina kuti mwina ndi maganizo chabe. Kumeneko kunali kumenyedwa kwanga kwachiwiri. Anandigwetsera mu ngalande, nandifunsa ngati ululu umene ndikumvawo ulinso maganizo chabe.

Moyo wawo wonse unkazungulira pa chimbudzi, ndipo sindikunena monyoza. Kuchokera pa esiteti mpaka ku Kande ankadziwa nyumba iliyonse yokhala ndi chimbudzi cha chitseko. Pa maliro ndi pa ukwati sankadya, zimene anthu ankaziona ngati mwano. Mu minibasi ankalimbirana mpando wa pakhomo. Ulendo wina tikuchokera ku Chintheche anapempha kondakitala kuti aimitse galimoto, iye nayankha kuti madala apirire, siteji ili pafupi. A Mulipa anamugwira kolala n'kumuombetsa mutu pachitseko kawiri. Galimoto inaima yokha. Anathamangira m'munda wa chinangwa, ife tikudikira, kondakitala akupukuta magazi pamphumi, ndipo atabwerako anakhala pamalo pawo nati kwa dalaivala, "Tiyeni, achimwene, anthu achedwa."

Imeneyo timaisimba moseka. Ya Sitivini sitiiseka. Sitivini anali wocheka mnzathu, bambo wa ana atatu, wokonda nthabwala. M'mawa wina a Mulipa sanafike kutchire m'nthawi yake, ndipo buluku lawo linaonetsa. Tonse tinayang'ana kumbali, Sitivini yekha anaseka, kaphwete kamodzi kokha. Anamumenya ndi ndowa yachitsulo ya utomoni kukamwa, mano awiri akutsogolo n'kugwera m'masamba. Nkhaniyo inathera ku ofesi, a Mulipa anaimitsidwa ntchito mwezi umodzi, koma Sitivini mpaka lero amaseka ataphimba pakamwa.

Amene anawadziwa atakalamba amakumbukira munthu wina, nkhalamba yoyenda ndi kamtengo, yoimitsa anthu pamsewu kuti iwajambulire matumbo pamchenga. Nkhani yawo inali imodzi yokha. Ankati m'kati mwa matumbo, pa khungu lake lam'katilo, muli timaselo ting'onoting'ono tomwazikana apa ndi apo, tosaoneka ndi maso. Chakudya chikamadutsa timachilawa, kenako timatulutsa timadzi ta uthenga, timene adokotala anawauza kuti ndi mahomoni. Uthengawo ndi umene umauza matumbo kuti apa finyani, apa pumani, apa thirani madzi, apa kauzeni mutu kuti kwawawa. Iwo ankatitcha timakapitawo. Ankati mwa anthu a matenda awowa timakapitawoto nthawi zambiri timakhala tochepa, kapena timaliza wezulo pa nthawi yolakwika, ndiye antchito amathamanga onse nthawi imodzi kapena amakhala pansi onse. Ankamaliza ndi kukufunsa ngati wamva, ndipo ukazengereza ankayambiranso pachiyambi, kamtengo katakuloza pamphuno. Achinyamata ankawaona ngati wopenga woseketsa. Sankadziwa chimene nkhalambayo inkafuna kutsuka ndi nkhani imeneyi.

Ine ndikudziwa, chifukwa ndinaliko, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga.

Chaka china kunabwera mlongo wawo, a Esinati, kudzacheza kuchokera ku Mulanje. Anaona chinangwa chonyikidwa m'migolo, anamva fungo lake, anaona mchimwene wawo akudya kondowole, nsima ya chinangwacho, n'kumapindika ndi ululu pambuyo pake. Anakhala masiku atatu akungoyang'ana. Tsiku lachinayi anauza a Mulipa kuti munthu sadwala chotere popanda dzanja la munthu, ndipo mkazi wa kunyanja amene wasunga mwamuna wa ku Mulanje zaka zonsezi osapita kwawo ndiye kuti akumuthirira kondaine. Kondaine ndi mankhwala amene amati mkazi amathira m'chakudya kuti mwamuna asamusiye, ndipo amati akachuluka amaoletsa m'mimba. A Mulipa anafunsa ngati pali wodziwa sing'anga wabwino. Ine ndinkadziwa wina kumapiri a ku Mpamba, ndipo ndinawaperekeza ndekha, ndikudziona ngati wothandiza.

Sing'angayo anawamwetsa chikho cha madzi owawa, iwo nasanza m'beseni mpaka kugwa chagada. Kenako anapisa dzanja m'masanzimo n'kutulutsa kanthu kakuda kokulungidwa ndi tsitsi. Anati tsitsilo ndi la mkazi, ndipo mkaziyo amagona naye nyumba imodzi.

Linali Lamlungu masana, anthu atangobwera kutchalitchi, ndipo m'malaini a antchito aliyense anali pakhonde pake. ANyaManda anali pamphasa akusefa ufa. A Mulipa anaima patsogolo pawo.

"Wakhala ukundidyetsa chiyani iwe?"

"Ada, chimene mumadya inu ndi chimene ndimadya ine," anayankha aNyaManda, sefa ili m'manja.

Anawagwira tsitsi, natapa ufa ndi dzanja n'kuwakanikizira m'kamwa ndi m'mphuno, akuti adye iwonso aone. Mayiyo atatsamwa n'kuyamba kukwawa, a Mulipa anatola mpini wa khasu. Woyamba unagwera pamkono umene anatchingira nawo kumaso, ndipo phokoso la fupa tinalimva tonse. Wachiwiri unagwera pakhutu lamanzere. Magazi anayenderera pa ufa wa pamphasa paja. A Esinati anali chilili pakhomo akunena kuti aulule, aulule basi. Tinalipo amuna oposa khumi, onyamula ndowa zolemera tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anasuntha. Ena ankaopa a Mulipa. Ine sindinkaopa chabe, ndinkakhulupirira kuti mayiyo ndi wolakwa, chifukwa tsitsi lija ndinaliona ndi maso anga. Amene analetsa ndi mayi wina wogulitsa usipa, wongodutsa, amene anaponya dengu lake pansi n'kudzigwetsa pamwamba pa aNyaManda, akukalipa m'Chitonga kuti amuphe iye kaye.

A Mulipa anagona m'chitokosi cha apolisi sabata imodzi. ANyaManda anakana kupita nawo kukhoti chifukwa cha ana awo aakazi awiri, ndipo alongo awo anabwera kudzawatenga pamodzi ndi anawo. Khutu lija silinamvenso. Mkono unalumikizika mokhota, moti sanathenso kusinja kapena kusenza ndowa okha. Koma chimene chinawapweteka kwambiri ndi dzina. M'malaini monse, mpaka kumsika wa Chintheche, ankatchedwa mayi wodyetsa mwamuna, ndipo amayi anzawo a kutchalitchi anasiya kuwapatsa ntchito yophika pa misonkhano.

A Mulipa anayamba kudziphikira okha, ufa wa chimanga wokhawokha, chinangwa osachiyandikira. M'mimba simunasinthe ngakhale pang'ono. Zaka zitatu zinapita akunena kuti mankhwalawo anazika mizu. Kenako ku kiliniki ya pa esiteti kunabwera wachipatala watsopano amene anawamvetsera mpaka kumapeto, nawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anawalowetsa kapaipi ka kamera m'matumbo, natapa tizidutswa tokayeza. Zotsatira zitabwera, adokotala anawauza kuti mulibe khansa, mulibe zilonda, mulibe poizoni, koma matendawo ndi enieni ndipo anthu ambiri ali nawo. M'pamene anawajambulira za timaselo tija papepala. Anawauzanso mosabisa kuti timaseloto si nkhani yonse, nkhawa ndi zakudya zina zimaonjezera moto, ndipo mankhwala ochiziratu palibe, alipo ongochepetsa.

A Mulipa anafunsa za mankhwala othiridwa m'chakudya. Adokotala sanaseke. Anangowafunsa kuti vutoli linayamba liti.

Anandiuza zimenezi atabwerako, kuseri kwa shedi yoyezera utomoni, ndipo sankandiyang'ana. "Wilisoni," anatero, "linayamba ndili ku pulayimale. Kunagwa matenda otsegula m'mimba kwathu, ndinatsala pang'ono kufa, ndipo kuchokera pamenepo m'mimba mwanga simunakhalenso bwino. Mayi uja ndinali ndisanamuone n'komwe. Esinati akudziwa, ndi amene ankandichapira makabudula." Kenako anamenya khoma la shediyo ndi chibakera mpaka khungu la zala linasupuka. Sindinawaletse.

Loweruka lotsatira anandiuza kuti ndiwaperekeze kwawo kwa aNyaManda, ndipo anandilumbiritsa kuti chilichonse chichitike ndisalowererepo. Tinafika m'mawa, asodzi akusoka maukonde pansi pa mitengo ya mango. Mlamu wawo wamkulu, a Yotamu, atationa anaimirira pang'onopang'ono. A Mulipa anavula chipewa, anagwada pamchenga, manja n'kuwapinda kumbuyo.

"Alamu, ndabwera kudzanena kuti mlongo wanu sanandidyetse kanthu."

A Yotamu anatembenukira kubwato. Anatenga nkhafi imene inatsamira bwato n'kuwamenya nayo pamsana. A Mulipa anagwa chafufumimba, anadzuka, anagwadanso, nayamba kufotokoza za timaselo ta m'matumbo. Alamu ena awiri anabwera, wina ndi nkhafi, wina ndi chingwe chonyowa. Anawamenya m'nthiti, m'miyendo, kumaso. Munthu amene anagulula mano a Sitivini chifukwa cha kaphwete kamodzi sanatulutse dzanja kumbuyo ngakhale kamodzi. Akapeza mpweya ankapitiriza pamene analekezera, akulavula magazi ndi mchenga, kuti timalawa chakudya, timatumiza uthenga, adokotala anajambula, pepala lili m'thumba. Ndinaima poteropo ngati tsiku lija, ndipo ndinkalira ngati mwana.

ANyaManda anatuluka m'nyumba nati kwa alongo awo zakwana. Anayandikira, mkono wokhota uja ataugwira ndi unzake, nayang'ana mwamuna wawo ali thapsa pamchenga. A Mulipa anayesa kuyambiranso nkhani yawo, koma aNyaManda anawadula.

"Ine mukundiuziranji, ada? Ine ndikudziwa kale kuti sindinathire kanthu. Kauzeni a kwanu. Kauzeni a m'malaini, amene anaima n'kumaonerera." Ponena mawu omalizawo anayang'ana ine.

Nthiti zitatu zinathyoka. Atachira, a Mulipa anaitenga ntchito imene anapatsidwayo monga ankatengera ntchito ina iliyonse, mwaukali. Anayenda khomo ndi khomo m'malaini ndi pepala lawo. Tonse tinavomera pamaso pawo, chifukwa ndani akanatsutsa, koma akatembenuka ena ankati adokotala makina awo saona za anthu akuda. Wina anayerekeza kunena zimenezo pabawo iwo akumva, ndipo anamuswera bawolo pamutu. Ndinawauza kuti dzina la mkazi wawo silingayere ndi zibakera, nandiyankha kuti njira ina saidziwa.

Ku Mulanje anapitako kamodzi. Anasonkhanitsa abale, anajambula matumbo pabwalo, anakumbutsa a Esinati za makabudula aja. A Esinati anauza anthu kuti aone okha, mankhwala aja achoka m'mimba tsopano akwera kumutu. Msonkhanowo unatha ndi ndewu, ndipo a Mulipa anabwerako malaya ali ong'ambika.

Atapuma ntchito sanabwerere kwawo monga amachitira anzathu ambiri. Anapempha kamalo m'mphepete mwa msewu, moyang'anana ndi mudzi wa aNyaManda, namanga kanyumba ka zipinda ziwiri. Ankati sachoka mpaka nkhaniyo itamveka. Apa ndi pamene ndimaona nkhanza za moyo, chifukwa kukhala kwawoko ndi kumene abale awo anakutenga ngati umboni. Ankafunsa kuti mwamuna wabwinobwino, womenyedwa ndi alamu ake ngati galu, angakamange nyumba pakhomo pa mkazi womukana popanda kudyetsedwa kanthu?

Zaka zambiri aNyaManda ankangowadutsa. Kenako chaka chomaliza, tsiku lina masana, anaoloka msewu ndi bakuli m'manja, analiika pakhonde n'kubwerera. Anayamba kutero Lachitatu ndi Loweruka. Nditawafunsa ngati akhululuka, anandiyankha kuti ndisafulumire, iwo akungofuna anthu aone. A Mulipa anamvetsa bwino lomwe. Ankatulutsa mpando, kukhala choyang'ana kumsewu, kutsegula bakulilo, n'kumaitana aliyense wodutsa, wapanjinga kapena wapansi, kuti aone akudya chakudya cha mkazi wawo. Nthawi zambiri munkakhala kondowole ndi chigwada, ndipo chigwada chinkawapweteka kwambiri. Ankadya mpaka kupukuta mbale, kenako n'kulowa m'nyumba kukapindika kumene anthu sakuwaona. Ndinawapeza kamodzi ali pansi, maondo ali pachifuwa, ndipo anandiopseza kuti ndikauza munthu andithyola khosi. Anali atakalamba moti sakanatha kuthyola khosi la nkhuku.

Sanafe ndi m'mimba. Anagwa m'munda mwawo m'mawa wina akupalira, mbali imodzi itauma, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko, magazi awo anali othamanga kwa nthawi yaitali. Anamwalira patapita masiku awiri. Abale a ku Mulanje anabwera ndi lole. A Esinati, okalamba tsopano, oyenda ndi ndodo, analowa m'nyumba ya siwa, anaona aNyaManda atakhala pafupi ndi bokosi, nanena mokweza kuti mwini ntchito waimaliza ntchito yake. Alongo a aNyaManda anadzambatuka panja, ndipo pakanapanda akuluampingo pakanagwa maliro achiwiri.

Ine ndinaimirira. Ndinali nditakhala chete kawiri, ndipo ndinati kachitatu ayi. Ndinayamba kufotokoza za timaselo tija, koma nkhani imene ndinaimva kambirimbiri inandithawa pakamwa. Ndinasokoneza mahomoni ndi magazi, ndinatchula wezulo, anthu anayamba kuyang'anana, ndipo mkulu wina anandikoka malaya kuti pamaliro si pophunzitsira sayansi. Chimene ndinayenera kunena chinali chachifupi, chakuti kwa sing'anga kuja ndinawatengera ndine ndipo mayiyu sanalakwe. Ndinachikumbukira nditakhala kale pansi. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Thupi analitengera ku Mulanje. Pa lole yomweyo anakwezapo bedi, mpando, njinga, mapoto, malata onse a padenga, chitseko ndi mafelemu a mawindo, mpaka misomali anaiwongola n'kuiika m'thumba.

Sabata yatha ndinapita ku kanyumba kawo kaja. Makoma akadali chiimire, koma mvula yadya pulasitala ndipo m'chipinda chogona mwamera chisoso chofika m'chiuno. Munda uja mbuzi zaumaliza. Pakhonde, pomwe aNyaManda analiika Loweruka lomaliza, pali bakuli lija, chinthu chokhacho chimene a ku Mulanje anakana kuchikhudza. Chivundikiro chake chachita dzimbiri ndipo m'mbali mwake chiswe chamanga dothi. Mwini wake amaliona tsiku lililonse ali pakhomo pake tsidya la msewu, ndipo akuti salitenga mpaka wina aliweramire n'kumubweretsera. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana pansi. Kanjira kachidule kochokera kumsewu kupita kuminda kankadutsa pakhonde penipenipo. Tsopano kakhota, kakuzungulira patali ndi bakulilo, ndipo amene akakhotetsa ndi anthu a m'mudzi mwa aNyaManda momwemo.